Abson Miti ndi Makina Oyezera Bodza

Abson Miti amadula makiyi m'kashopu kachitsulo kotsamira mpanda wa City Market ku Lusaka, mbali ya msewu wa Lumumba. Ndi bambo wamfupi, wa imvi za m'mbali, wosakonda zolankhulalankhula. Munthu akam'patsa kiyi amayamba waiunika padzuwa, kenako n'kuimanga pa chodulira, ndipo manja ake sanjenjemera ngakhale pang'ono. Koma wapolisi akangoima pakhomo kuti afunse njira, kapena a khonsolo akabwera kudzaona ziphaso, Abson amatuluka thukuta mpaka shati kumatirira kumsana, lilime n'kuyamba kukodwa. Anabadwa wotero. Ali mwana ku Kabwata, aphunzitsi akafunsa kuti waswa galasi la zenera ndani, iye ndi amene ankayamba kulira, ndipo kangapo konse anakwapulidwa pa milandu ya anzake.

Bambo ake anachokera ku Katete ali mnyamata. Anali kalipentala, komanso mkulu wa mpingo wa Reformed. Makolo onse atamwalira, m'nyumba ya ku Kabwata munatsala Abson ndi mlongo wake wamng'ono Febby, ndipo Abson ndiye anam'lera mpaka kumaliza maphunziro a usekiletale. Abson ankayang'anira katundu pa kampani ina ya ku Heavy Industrial Area yogulitsa mabatire ndi zipangizo za magetsi a dzuwa. Anakwatira Peggy, mwana wa mu Lusaka momwemo, wogulitsa zitenje pamsika wa Kabwata, ndipo anabereka mwana wamkazi dzina lake Stacy. Febby anapeza ntchito yotaipa pa ofesi ya loya wina ku Woodlands, a Clive Mulubwa. Zinthu zinkayenda.

Chaka china mabatire anayamba kusowa kuntchito kwa Abson. Mabwana sanaitane apolisi. Anabweretsa bambo wina wovala tayi, atanyamula chikwama chokhala ndi kompyuta ndi zingwe, n'kulengeza kuti aliyense wolowa m'chipinda cha katundu ayesedwa ndi makina oyezera bodza. Anati palibe wokakamizidwa, koma amene akane, chifukwa chake chidziwika.

Abson analowa masana. Anam'khazika pampando woyang'ana khoma, n'kumumanga zingwe pachifuwa ndi pamimba, lamba wofufuma pamkono ngati wa kuchipatala, ndi tizitsulo pa zala. Anamuuza kuti asagwedezeke, azingoyankha kuti inde kapena ayi. Kodi dzina lake ndi Abson? Kodi amakhala ku Kabwata? Kodi anayamba wanamizapo munthu womukhulupirira? Pa funso limenelo anayamba kufufuza moyo wake wonse, ndipo pamene bambo uja ankafika pa nkhani ya mabatire mtima unali ukugundira m'makutu. Anayankha kuti ayi, koma mawu anatuluka theka. Bamboyo sanamuyang'ane n'komwe, maso anali pa kompyuta.

Sabata yotsatira bwana anamuitana n'kumuuza mwaulemu kuti zotsatira zake sizinatuluke bwino, ndipo kampani singamusungenso pafupi ndi katundu. Sanam'tchule wakuba, sanam'tengere kupolisi. Mabatire aja sanapezeke, ndipo amene anawaba sadziwika mpaka lero. Kumpingo anam'chotsa mwakachetechete m'komiti ya zomangamanga. Peggy sanam'funse kalikonse, ankangolawirira kumsika n'kubwera ndi ndiwo. Patangopita miyezi yochepa Febby nayenso anasiya ntchito mwadzidzidzi, n'kukhala m'nyumba masabata angapo osadya bwino. Mchimwene wake atam'funsa anangoti bwana ndi wovuta, ndipo Abson, pokhala ndi zake m'mutu, sanakumbe. Pambuyo pake anaphunzira kudula makiyi kwa mkulu wina wa pamsika, amene atakalamba anam'siyira kashopu kaja. Febby anakwatiwa ndi mphunzitsi, Jerry Daka, nabereka naye ana, nasamukira ku Chelstone, kumene anakhala sekiletale pa sukulu ina yapulaiveti.

Panapita zaka zambiri, Stacy mpaka analowa koleji. Ndiye tsiku lina wailesi inalengeza maina a anthu osankhidwa kukhala oweruza a khoti lalikulu, amene anayenera kuunikidwa ndi komiti ya aphungu Nyumba ya Malamulo isanawavomereze. Pa mainawo panali a Clive Mulubwa. Abson analimva dzinalo akusongola kiyi, nangoti m'mtima, bwana wakale wa Febby wakwera.

Patapita masiku ochepa Febby anatulukira pashopu dzuwa lili paliwombo, atavala za kuntchito.

"Ba Abson, tsekani kaye. Ndili ndi mawu."

Anakakhala m'kalesitilanti ka kuseri kwa msika. Febby anaitanitsa tiyi koma sanamukhudze.

"Mwamva za a Mulubwa?"

"Ndamva. Bwanji?"

"Dzulo ndinapita kwa alembi a komiti ya aphungu. Ndawauza zimene anandichita."

Anafotokoza motsitsa mawu, maso ali pathebulo. Linali Loweruka masana, anzake onse ataweruka. A Mulubwa anamuitanira mu ofesi yawo, nakhoma chitseko, namugwira mwamphamvu mpaka bulauzi kung'ambika. Chimene chinam'pulumutsa n'chakuti mlonda anagogoda kudzafunsa ngati atseke geti. Febby akutuluka, bwanayo anamuuza mofatsa kuti akafuna akanene kulikonse.

"Mukukumbukira kuti ndinawapempha nzeru pa nkhani yanu ya mabatire? Ankaidziwa yonse. Ndiye anandiuza kuti, ndani angakhulupirire mlongo wa wakuba."

Abson anagwira m'mphepete mwa thebulo. Thukuta linali litayamba kale kutsika m'khosi.

"Chifukwa chiyani sunandiuze?"

"Mukanatani? Munali osagona, osadya. Jerry ndinamuuza tisanakwatirane. Ndinkati zatha, koma nditamva kuti munthu ameneyu azikaweruza milandu ya atsikana ogwiriridwa, tulo tandithawa."

Abson anafuna kunena kuti wachita bwino. Chimene chinatuluka chinali china. "Anthu amenewa ndi akuluakulu, Febby. Atipera."

"Ndikudziwa," anatero Febby.

Sabata isanathe nkhani inali paliponse. Manyuzipepala ankamutchula kuti Mayi Daka, choncho pamsika panalibe wodziwa kuti ndi mlongo wa wodula makiyi. A Mulubwa anakana zonse kudzera mwa loya wawo. Anati amamukumbukira mayiyo ngati wantchito waulesi amene anachoka yekha, ndipo pali anthu andale amene akumutuma. Pa mapulogalamu a wailesi oimbira foni anthu ankakangana m'mawa ndi masana. Ena ankati mkazi sangadzichititse manyazi chotero popanda chifukwa. Ena ankafunsa kuti anali kuti zaka zonsezi.

Woyandikana ndi Abson pashopu ndi Chabala, wokonza mafoni, amene wailesi yake sizima ndipo pakamwa pake sipatsekeka.

"Shani ba Miti, mwamvela?" anatero m'mawa wina, atayamba ndi moni wa Chibemba. "Uyu mukazi afuna chabe kuononga munthu wamene anaphunzila. Bamuike pa mashini ya boza, tizaona. Mashini siiziba munthu."

Mayi wina wogulitsa pafupi anamuyankha kuti bwanji osayamba kuikapo jajiyo. Anthu anaseka, mkangano n'kukula. Abson anayatsa chodulira makiyi popanda kiyi woti adule, kuti phokoso limutseke makutu. Kuyambira tsiku limenelo ankadzidzimuka galimoto iliyonse yamagalasi akuda ikaima pafupi ndi shopu. Ankaimbira Febby foni kangapo patsiku, ndipo ikangolira osayankhidwa ankaimbanso.

Mawu a Chabala aja ankanenedwanso ndi anthu ambiri, mpaka loya wa bungwe lina la amayi amene ankathandiza Febby, Mayi Cathy Njobvu, anaona kuti mwina ndi njira yabwino. Febby analibe mboni. Mlonda uja anamwalira kalekale, bulauzi anaitaya tsiku lomwelo. Mayi Njobvu anati makinawo si umboni wa kukhoti, koma angafewetse mitima ya aphungu. Febby anavomera.

Abson atamva anatseka shopu masana n'kukwera basi ya ku Chelstone. Anapeza Febby akuanula zovala kuseri kwa nyumba, popeza kusukulu anali atamuuza kuti ayambe wapuma mpaka nkhani izizire.

"Usakakhale pampando umene uja," anatero asanapereke n'komwe moni.

"Ba Abson, khalani kaye pansi."

"Ine ndinakhalapo. Sindinabe kanthu, ndipo makina ananena kuti ndine wabodza. Iweyo akakufunsa za tsiku lija, mtima wako ukhala phee? Ukumbukira chitseko chija, mtima uthamanga, iwo alemba kuti wanama. Ndiye dziko lonse liwerenga."

"Nanga ndikakana? Anena kuti ndathawa."

"Anene. Kukana sikufanana ndi kulephera. Kulephera kumakutsatira mpaka kumanda."

Febby anapinda shati ya mwamuna wake pang'onopang'ono. "Inu mumaopa ngakhale kondakitala akakufunsani ngati mwalipira. Ine sindine choncho."

"Si za ine zokha. Makinawo amamva thukuta ndi mpweya, samva choonadi."

"Ndiye ndichite chiyani? Ndili ndi pakamwa pokha. Iwo ali ndi maloya, ali ndi anzawo m'maofesi onse. Ndipatseni china choti ndinyamule popita kwa aphungu."

Jerry anatulukira pakhomo la kukhitchini n'kunena kuti, "Alamu, musiyeni ayese. Wanyamula yekha nthawi yaitali." Abson anabwerera ku Kabwata m'basi yodzaza, ndipo anapitirira siteji yake osazindikira.

Tsiku loyesedwa anam'perekeza. Ofesi yake inali m'nyumba ina ya ku Kabulonga, ya mpanda wautali ndi kapinga wothiriridwa bwino. Febby analowa ndi Mayi Njobvu, Abson n'kutsala pabenchi pakhonde. Chitseko chitatseguka pang'ono anaona mpando woyang'ana khoma ndi zingwe zili lende, ndipo pachifuwa pake panathina ngati amumanga iyeyo. Anaimirira, nazungulira bwalo, nakhalanso. Wosamalira maluwa anam'funsa ngati akudwala, nam'patsa madzi a m'paipi. Abson anapemphera, koma sanadziwe choti apemphe. Ankangobwereza dzina la mlongo wake.

Febby anatuluka maso atafiira, pamkono pali chidindo cha lamba.

"Anandifunsa funso lomwelo mobwerezabwereza," anatero ali m'njira. "Ndinangoyang'ana msomali wina pakhoma."

Zotsatira zinabwera patapita masiku angapo, ndipo zinati palibe chizindikiro chakuti mayiyo akunama. Mayi Njobvu anazipereka kwa atolankhani tsiku lomwelo. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi banja lonse linakumana ku Chelstone, ndipo Jerry anapha nkhuku. Kwa nthawi yoyamba m'masabata amenewo Febby anadya mpaka kumaliza.

"Sayansi sinama," Jerry ankatero akugawa nyama.

"Mashini yakamba," anavomereza Peggy. "Manje bazakamba chani? Ba mulamu, mwawina."

Abson anali wokondwa, ndipo anayesetsa kuti chimwemwecho chioneke. Koma chakudya anachisiya m'mbale. Anatuluka ngati akukasamba m'manja n'kukaima pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka mbale zitachotsedwa.

Madzulo a tsikulo, atatsika basi ku Kabwata, iye ndi Peggy ankayenda m'mbali mwa msewu dzuwa likupendeka.

"Amake Stacy, ngati makina aja sanama, ndiye kuti ine ndinaba mabatire?"

Peggy anachepetsa liwiro. "Sininakambe choncho."

"Nanga nthawi ija munkaganiza chiyani? Simunandifunsepo."

"Sininali kuziba, atate Stacy. Ninaona kuti nikakufunsani muzayamba kunjenjemela, ndiye ine nizaganiza kuti ni zoona. Ninasiya chabe. Ninali na mwana mung'ono, ninali na imwe. Ninasankha kunkhala."

"Nanga lero?"

"Lelo nakalamba na imwe. Sininaonepo chintu cha munthu m'nyumba mwathu."

Abson anamva kuti mkazi wake wanena zoona zokhazokha, ndipo sanadziwe ngati zam'tonthoza kapena zam'pweteka.

Chisangalalo sichinakhalitse. Sabata yotsatira loya wa a Mulubwa anaitana atolankhani n'kuonetsa pepala lawo. A Mulubwa nawonso anali atayesedwa, ndi kampani ina, ndipo makina anati sakunama pokana kuti sanamugwirepo mayiyo. Wailesi inabweretsa mphunzitsi wina wa zamaganizo, amene anafotokoza kuti makinawo amayeza kupuma, kugunda kwa mtima ndi thukuta, ndipo munthu ndi amene amamasulira mizereyo. Anati wamantha akhoza kulephera ali wosalakwa, wozolowera mafunso akhoza kupambana ali wolakwa, ndipo zambiri zimadalira mmene funso lafunsidwira. Wina anaimba foni kunena kuti ngati zili choncho ndiye mayiyo wanamiza makina. Wotsatira anati ayi, loya ndiye amadziwa kunamiza makina. Aliyense anasankha pepala logwirizana ndi zimene ankakhulupirira kale.

Kenako chimene Abson ankaopa kuyambira tsiku la m'lesitilanti chinafika. Munthu wina wosadziwika analemba pa Fesibuku kuti Mayi Daka ndi a kwa Miti, ndipo mchimwene wawo anachotsedwa ntchito chifukwa cha kuba, atalephera makina omwewo. Anaikapo ndi chithunzi cha kashopu kaja, chojambulidwa kuchokera tsidya la msewu, Abson ataweramira chodulira. Stacy ndiye anam'tumizira kuchokera kukoleji, akulira pafoni. Abson anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Shati imene inali pachithunzipo anali ataivala masiku awiri apitawo. Munthu anaima pamenepo n'kumamuyang'ana iye osadziwa.

M'mawa mwake wailesi ya Chabala inali yozima. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro pashopu. Mayi wina amene anasiya makiyi a nyumba yake dzulo lake anabwera kudzawatenga asanadulidwe, akuti wasintha maganizo. Dzuwa litakwera Chabala anasendera pafupi, foni ili m'manja.

"Ba Miti, nikufunseni. Ivi vamene balemba, ni zoona?"

Lilime la Abson linakodwa monga mwa masiku onse, koma anapitiriza. "Ndi mlongo wanga. Makina ndinalephera. Mabatire sindinabe."

Chabala anakanda m'mutu. "Manje mashini inakamba kuti imwe munanama, sisita wanu sananame, na bajaji sibananame. Tizaziba bwanji?"

"Sindikudziwa."

"Ine zaka zonse izi nimakusiyilani shopu yanga na mafoni ya bantu nikayenda kudya."

"Mukhoza kusiya kutero."

"Awe, sininakambe ivo," anatero Chabala. Anabwerera pamalo pake, ndipo masana popita kukadya anakuwa monga mwa nthawi zonse kuti ba Miti amuyang'anireko. Koma nkhani ya makina sanaitchulenso, ndipo pulogalamu ya mafoni ikayamba ankasinthira ku nyimbo.

Abson anaimbira Febby kuti apepese. Anati nkhani yake yakale ndi imene ikum'gwetsa kachiwiri, ndipo ngati zingathandize, Febby akhoza kuuza atolankhani kuti iye ndi mchimwene wake sayenderana. Febby anamuuza kuti asadzanenenso zimenezo, n'kudula foni.

Komiti inaitana Febby kuti akalankhule pamaso pa aphungu, zitseko zitatsekedwa. Abson sanaloledwe kulowa. Anadikira panja pa geti pamodzi ndi Jerry ndi amayi ena a bungwe lija ovala zakuda. Tsidya lina kunaima gulu lina lonyamula zikwangwani zoikira kumbuyo a Mulubwa, ndipo apolisi anali pakati. Wapolisi wina anayang'ana Abson kawiri, Abson n'kubisa manja m'matumba.

Febby atatuluka, Mayi Njobvu anali patsogolo, nkhope itakwinyika, ndipo anangokalowa m'galimoto. Febby anafotokoza zimene zinachitika ali m'basi. Aphungu ena anam'funsa mwaulemu, ena mokalipa. Anam'funsa mtundu wa chitseko, chifukwa chimene sanakuwe, chifukwa chimene sanapite kupolisi. Kenako phungu wina ananyamula pepala la zotsatira lija n'kufunsa kuti, popeza iye akuwakhulupirira makinawa, ndiye kuti akuvomereza kuti mchimwene wake ndi wakuba?

"Unayankha chiyani?" anafunsa Abson.

"Ndinati mchimwene wanga si wakuba. Ndiye anati, choncho makina amanama? Ndinati inde, nthawi zina amanama. Anati nanga pepala lanuli? Ndinati lichotsenipo, mumve mawu anga."

"Febby, linali lokhalo limene unali nalo."

"A Njobvu anenanso zomwezo. Akwiya kwambiri."

"Ukanangoti za ine sukuzidziwa."

Febby anayang'ana pazenera. "Sindinaganize. Zinangotuluka."

Jerry anagwira dzanja la mkazi wake. Abson anakhala ndi mawu amenewo masabata onse odikira lipoti la komiti. Ankadzuka nawo, ankadula makiyi nawo. Tsiku lina anadula kiyi yemweyo molakwika kawiri, chinthu chimene sichinam'chitikirepo. Peggy anam'kakamiza kupita kukiliniki, kumene anamuuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, nam'patsa mapiritsi. Namwino akumumanga lamba pamkono, Abson anam'pempha kuti achite msanga.

Lipoti litatuluka linati komiti sinagwiritse ntchito zotsatira za makina za mbali iliyonse, chifukwa sizodalirika mokwanira. Linati dandaulo la mayiyo ndi lalikulu ndipo analankhula mosasinthasintha, koma panalibe umboni wina wolichirikiza. Aphungu ochepa anakana kusaina. Ambiri anavomereza, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza a Mulubwa pamodzi ndi anzawo onse. Abson anamva nkhaniyi pa foni ya kasitomala amene ankadikira kiyi wa galimoto. Anamaliza kiyiyo, nam'patsa mwini wake, kenako n'kukhala pansi pa kasitulu. Sanadziwe ngati yankho la Febby lija linasintha kanthu kapena zikanathera pomwepo ndithu. Mayi Njobvu, mkwiyo utatha, anati mwina sizikanasintha. Abson anaona kuti akungomutonthoza.

Mkangano wa pawailesi unatha msanga, kunabwera nkhani ya mtengo wa ufa. Febby anauza mchimwene wake kuti amayi awiri anamuimbira foni, aliyense payekha, kunena kuti nawonso anagwirapo ntchito pa ofesi ija ndipo akudziwa kuti sananame. Onse anam'pempha kuti asawatchule, ndipo iye sanawatchule. Kumpingo anthu ena anayamba kupatsa Abson moni wa manja awiri, ena anasiya kum'patsa moni n'komwe. Makasitomala anachepa kwa kanthawi, kenako anabwerera, poti makiyi amatayika tsiku lililonse.

Sukulu inalola Febby kubwerera kuntchito temu yotsatira. Tsiku loyamba Abson analawirira ku Chelstone kukam'perekeza, ndipo anachita chimodzimodzi mawa lake ndi mkuja, akumatsegula shopu mochedwa. Ankayenda pambali pake, maso ali pa galimoto iliyonse yobwera kumbuyo. Sabata yachiwiri Febby anaima pageti la sukulu, ana akudutsa ndi zikwama zawo.

"Ba Abson, mawa musabwere."

"Sukudziwa zimene anthuwa angachite."

"Apeza zimene ankafuna, sandikumbukiranso. Ndipo mukamandiperekeza chonchi ndimayamba kuopa ndi ine ndemwe. Pitani mukagwire ntchito."

Abson anavomera ndi mutu. Anaima mpaka mlongo wake atalowa mu ofesi, kenako anayenda kupita kusiteji. Mawa lake sanapite ku Chelstone. Anatsegula shopu nthawi yake, ndipo pofika masana anali atatulutsa foni m'thumba kangapo n'kuibwezamo. Itakwana nthawi ya chakudya anaimba. Febby anayankha akutafuna, nati ali bwino, ali ndi makalata ambiri oti ataipe, ndipo adzabwera ku Kabwata Loweruka ndi ana ake.